Dothi la Kwa Percy

12 Epulo
...ndiye nkhandwe ija itandiona ndi fosholo, liwiro mpaka Edinburgh. Umu ndi mmene ndatsegulira tchire la kuseri kwa mafulati kuno ku Govan. Ine Percy, munthu woyamba. Minga yofika m'khosi. Mwini malo ndi a Brown, mzungu wokalamba woweta nkhunda pambali pake. Ndinakawagwadira mwachikwathu, nkhuku m'manja. Ya mufiriji, komabe nkhuku. Anati limani.

3 Meyi
Mabanja asanu ndi awiri a kutchalitchi alowa. Malire ndagawa ndekha poyeza ndi mapazi. Mashedi anayi, msewu umodzi, wilibala ndiye basi yathu. Tauni yeniyeni! Dzina: Kwa Percy. A Zangaphee, mkulu wa mpingo, akunditcha meya wopanda mano. Nsanje. Ndawapatsa kumatope.
Dothi lakuda bii, lonyezimira. Nyongolotsi ngakhale imodzi osaiona.

11 Julayi
Nkhwani masamba ngati maambulera. Mpiru wofika m'chiuno, sindikunama. Ketrina, mkazi wa Isaac wa kutchalitchi kwathu, ndi woyembekezera, amathyola tsiku lililonse. Akuti mwana abadwe akudziwa ndiwo za kwawo.
Pokumba ngalande ndagunda migolo iwiri yadzimbiri. Fungo ngati batire lophulika. Ndakwirira. Meya saopseza anthu ake.

9 Ogasiti
Kwabwera anthu awiri oyeza dothi, ovala zoyera mpaka kumaso, magolovesi awiriawiri. Dothi lathu m'timabotolo. Akuti kale pankatayidwa zinyalala za kufakitale yopanga sitima zapamadzi. Mmodzi anafunsa, "Mwakhala mukudya zimenezi?" Ndinamuonetsa mimba yanga, ndati onani umboni. Sanaseke.

16 Ogasiti
Mpanda wawaya, loko, chikwangwani chachikasu. Maungu akukula okha mkatimo, okongola ngati akutiseka. Ketrina amutenga magazi kuchipatala. Zotsatira Lachisanu.
Isaac waimba foni kanayi. Sakutinso "achimwene". Akufuna ndimuperekeze kwa a Brown, akawafunse pamaso chifukwa chake analoleza anthu kulima pa poizoni.

17 Ogasiti
Kwa a Brown sindingapite naye.
Malowo si awo, anandiuza tsiku lomwe ndinakawagwadira lija. Nkhuku anakana, ndinadya ndekha masiku atatu. Mawu aja akuti "limani" ndinaikamo ndine, ngakhale m'buku lino. Iwo anandigwira mkono, anati, "Mwana wanga, pamenepo usakumbe." Ndinamva bwinobwino. Koma ndinali nditalengeza kale kutchalitchi, anthu ataimba m'manja.
Belu lalira. Isaac ali pansi, wavala jekete. Ndimuuza zoona pamasitepe, kapena...