Mphini Khumi ndi Zinayi pa Nkhafi

Usisya,
Nkhata Bay.
24 Ogasiti, 1970.

Okondedwa achimwene Stanley,

Ndikhulupirira kalata iyi ikupezani muli bwino inu, alamu anga a Falesi ndi ana kumeneko ku Ntcheu. Ine kuno ndili bwino mopitirira muyeso, moti dokotala atandiona akhoza kusiya ntchito. Khalani pansi musanapitirize, chifukwa miyendo ya Angoni ndimaidziwa, siipirira nkhani zikuluzikulu. Lameck uja munkamunena ku mgodi ku Joni kuti palibe bambo wanzeru zake angamupatse mwana chifukwa cha pakamwa, akukwatira. Wandikwatitsa ndi mwezi, wakumwambawu, mothandizana ndi kobiri lanu lija.

Mukulikumbukira? Loboola pakati, la nthawi ya Chitaganya, limene munandimangirira m'khosi tikusiyana ku Blantyre, n'kunena kuti ndilo chuma choyenera munthu wokokomeza nkhani popeza nalonso n'lobooka.

Inu a kumtunda mwezi mumangouvinira, koma kwa ife asodzi ndi kapitawo. Usipa timauitana ndi moto, ndiye mwezi ukawala usipa sutiyang'ananso. Ukaoneka ngati kachikhadabo pamwamba pa mapiri athu timagwira ntchito. Ukamakula ntchito imachepa, ndipo pakatha sabata ziwiri, ukakhala wathunthu, timakokera mabwato kumtunda n'kumasoka maukonde. Kenako umayamba kuchedwa kutuluka, n'kumadyeka mbali imodzi mpaka kulowa mumdima, ife n'kulemeranso. Choncho ine ndinkadziyesa katswiri wa mwezi.

Mtsikanayo ndi Selina, mwana wa Ada Gideon Manda. Kuno Ada ndiye kuti bambo. Iwowa anali aphunzitsi zaka makumi atatu, ndi mkulu wa mpingo, ndipo akakuyang'ana pamwamba pa magalasi umakumbukira machimo a agogo ako. Za kukongola kwa Selina sindilemba, mungati ndayamba. Ndingoti akamatsika kukatunga madzi, nsomba zimabwera zokha kudzaona.

Chaka chatha mu Julaye, amalume anga a Amosi, amene ndiwo thenga wonditengera mawu, anapita nane kukaonekera. Panjira anandichenjeza kuti, "Lameck, pakamwa pako upasiye m'bwato." Ndinapirira mphindi khumi zathunthu, zimene kwa ine ndi zaka. Koma inali sabata ija wayilesi inkangonena za anthu a ku Amereka amene anaponda pa mwezi, ndipo Ada anandifunsa kuti ife asodzi tikuiona bwanji nkhaniyo.

Ndinati, "Ada, ife taona kale. Chipondereni anthu aja, mwezi wachepa. Akugumula miyala n'kumapita nayo kwawo. Chaka chamawa udzatsala ngati mbale ya ndiwo, ndipo usipa tidzapha tsiku lililonse."

Amalume anandiponda chala. Ada anavula magalasi.

"Munauyeza, a Kamanga?"

"Ndi maso, Ada."

"Maso anu ayandikana kwambiri ndi pakamwa panu," anatero. "Mwana wanga adzakhala moyo wake wonse akumva za mwamuna wake, kuti nyanja ili bwino, kuti bwato silikudontha. Ayenera kudziwa zoona ndi ziti. Kauyezeni mweziwo mpaka Ogasiti wa chaka chamawa, mudzandiuze zimene mwapeza, osathira mchere. Za Selina tidzakamba pamenepo."

Ataona kobiri lanu m'khosi mwanga anandiphunzitsa kayezedwe kake. Umatenga nkhafi yopalasira bwato, n'kuigoneka pa mphanda ya mtengo, chigwiriro chake chili patsaya pansi pa diso. Kobiri umaliimika pa nkhafipo ndi phula, n'kumalisuntha mpaka mwezi utadzaza bowolo ndendende. Pamenepo umatema mphini ndi mpeni. Mwezi ukakhala waukulu kobiri limakhala pafupi ndi diso, ukachepa limatalikira. Uziyeza mwezi wathunthu wokhawokha, masiku amene sitipita panyanja. Anati, "Sindidzakuyang'anirani. Nkhafi ndi yanu."

Tsiku loyamba lomwelo ndinachita manyazi ndili ndekha. Mwezi unatuluka kutsidya la ku Tanzania uli ngati lichero, waukulu woti n'kupetera mpunga wa boma lonse. Ndinayeza n'kutema. Utakwera n'kuoneka ngati kasosala ndinayezanso, ndipo kobiri silinasunthe ngakhale pang'ono. Achimwene, zaka zonsezi ndinkayesa wabodza m'thupi mwanga ndi pakamwa pokha, osadziwa kuti maso nawonso ndi a m'banja lomwelo.

Koma imvani tsopano. Mu Ogasiti kobiri linasuntha pang'ono. Mu Okutobala linasuntha kooneka. Pofika Januwale linali litatalikira zala zisanu kuchokera pa mphini yoyamba. Mwezi unkachepadi. Bodza limene ndinalipeka pakhonde pa Ada linasanduka loona m'manja mwanga, ndipo ndinayamba kudziopa ndekha. Ndinkayenda ndi nkhafi paphewa ngati msilikali, kumsika, kumaliro, paliponse. Amayi ena anayamba kufunsa kuti ana adzavinira chiyani mwezi ukatha.

Wina anakanena kwa a Dickson, apampando a chipani m'dera lathu, kuti Kamanga akuloza mfuti kumwamba. Anabwera ndi anthu awiri. Anayamba afuna khadi la chipani, ndinawaonetsa. Anaitembenuza nkhafi uku ndi uku kufuna polowera zipolopolo, kenako anasuzumira pa kobiri nthawi yaitali, n'kunena motsitsa mawu kuti, "A Kamanga, zakuchepazi musamazinene pamsonkhano. Boma silinalengeze." Kuyambira pamenepo akhala akubwera kudzasuzumira akapeza mpata.

Apa ndiye pofunika kuti mundimvere chisoni, ngakhale ndikudziwa kuti museka. Mu Febuluwale kobiri linaima pomwe linali mu Januwale, mphini zake n'kungogundana. Ndinati mwezi ukupuma. Mu Malichi kunagwa mvula masiku anayi osalekeza, mwezi osaoneka ngakhale fungo lake. Ndinakhala ndi mpeni m'manja n'kuganiza kuti chinthu chimene chachepa miyezi yonseyi sichingaleke chifukwa cha mitambo. Ndinatema mphini zala ziwiri kutsogolo, osaona kanthu.

Mu Epulo kumwamba kunayera, ndipo kobiri linabwerera m'mbuyo. Ndinapukuta diso, ndinasintha mtengo, ndinayeza ndi diso linalo. Mu Meyi linabwereranso. Mwezi unayamba kunenepa ngati walandira malipiro, ndipo mphini yanga ya Malichi inatsala yokha kutsogolo ngati mbuzi yosochera. Mawu ukhoza kuwakana kuti sunanene, koma mtengo ukautema watema.

Ndinachita chimene inu mukuganizacho. Ndinakwera kuphiri, ndinadula mtengo, n'kuyamba kusema nkhafi ina mobisa, yoti ndikopererepo mphini zabwino zokhazokha. Tsiku lachitatu ndikutsika ndinadzera kumaenje kumene akazi amaviika chinangwa, ndipo ndinapeza Selina akuvuula chake.

"Mwayamba ukalipentala, a Lameck?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Ine? Ndimakaona msampha."

"Msampha wake wogwetsa zipalapala za mtengo m'tsitsi."

Ndinayesa kuseka. Ndinati nkhafi yakale yayamba kufumbwa. Iye anasamba m'manja, n'kundiyang'ana ndi maso a bambo ake, opanda magalasi okha.

"Mu Malichi mvula inagwa kwathu masiku anayi. Kaya kwanu mwezi unatuluka."

Sindinayankhe, ndipo mulembe tsikulo, chifukwa silidzabweranso.

Anati, "Nkhani zanu ine ndimazikonda. Ija ya ng'ona imene munaimenya khofi n'kukupepesani ndimaseka nayo ndili ndekha kumunda. Ndimaikonda chifukwa tonse timadziwa. Koma iyi mukusema kuphiriyi mukufuna tisadziwe. Ada mukhoza kuwapusitsa. Nanga ine, amene ndaona zipalapalazi, ndidzazitaya kuti?"

Anasenza dengu lake n'kumapita. Atafika patali anatembenuka n'kuti, "Bwerani ndi yakaleyo. Akakana, ndidzalira. Mukabwera ndi yatsopano, ndikana ndine."

Nkhafi yatsopanoyo ndinaisandutsa mithiko. Mkazi aliyense wa ku Usisya ali ndi wake, ena iwiri.

Lolemba lapitali, pa 17, ndinatema mphini yomaliza, ndipo inagundana ndi yoyamba ija ya Julaye wa chaka chatha. Dzulo titatuluka m'tchalitchi tinakhala pansi pa mtengo wa mango kwa Ada: iwo, amalume, akulu awiri a mpingo, ndi a Dickson amene sanaitanidwe. Selina anali kuseri kwa nyumba, akutsuka mbale imodzi kwa ola lathunthu.

Ndinagoneka nkhafi pamphasa n'kunena kuti, "Ada, mwezi unachepa zala zisanu kufika Januwale, kenako wabwerera wonse. A ku Amereka sanaudye. Ndinanama."

Ada anayendetsa chala chachikulu pa mphinizo, akuwerenga. Atafika pa yosochera ija anaima.

"Nanga iyi?"

Achimwene, ndinali nditakonza nkhani zitatu. Ina ya mpeni woterereka, ina ya dzino la mvuu, yachitatu yabwino kwambiri moti ndidzakuuzani mukabwera. Zonse zinali pa lilime, zikukankhana. Kuseri kuja mbale inasiya kulira.

Ndinati, "Imeneyo si ya mwezi, Ada. Ndi yanga. Kunali mitambo, sindinaone kanthu."

Amalume anagwira mutu. Ada anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Ndinaiona mu Epulo," anatero, "mutaitsamiritsa pa khoma la tchalitchi. Miyezi inayi ndakhala ndikudikira kuti ndione ngati nkhafi idzafika ndi mphini khumi ndi zitatu kapena khumi ndi zinayi." Anawerenganso mokweza mpaka khumi ndi zinayi. "Tsopano tandiuzani, mwezi umachepa bwanji n'kukulanso?"

Ndinati, "Ada, sitima ikakhala kutali imakwana m'bowo la kobiri, koma ikafika pano imatseka phiri. Sitima ndi yomweyo. Mwezi uyenera kuti umatalikira n'kuyandikiranso."

Ada anatenga kamtengo n'kujambula dzira pamchenga, n'kuika njere ya mango m'kati, chakumbali pang'ono. Anati njereyo ndife, dziralo ndi njira ya mwezi. Mwezi uliwonse umadutsa pafupi ndi patali pomwe, koma kuti ukhale wathunthu uli pafupi penipeni zimatenga chaka ndi kanthu kuti zibwerezeke. Ine ndinavomera ngati ndinkadziwa kale. A Dickson anati iwo ankaganiza chimodzimodzi.

Kenako Ada anauza amalume kuti, "Ada Amosi, mphwanuyu pakamwa pake sipadzachira, koma akafunsidwa kawiri amanena zoona. Selina azidzafunsa kawiri. Zotsalazo tikambirana akuluakulu. Tsiku asankhe yekha, poti mwezi akuudziwa."

Kuseri kwa nyumba mbale ija inagwa, ndipo amayi ake a Selina analuluta mpaka nkhuku zinathawira kuphiri.

Ndasankha Loweruka pa 14 Novembala. Mwezi udzakhala wathunthu, palibe bwato lidzapite panyanja, ndiye asodzi onse kuyambira kuno mpaka ku Tukombo adzabwera, pamodzi ndi magulu a malipenga ovala zoyera. Mvula ndaiuza kale idikire.

Tsopano pempho langa. Ndikufuna mudzaime pambali panga m'tchalitchi. Mukwere basi mpaka kunyanja, kenako sitima, ndipo musaope, siimira, ndinaiyesa ndekha polumphalumpha. Mubwere ndi jekete lanu lakuda lija, langa linadyedwa ndi mphemvu zazikulu ngati akamba. Alamu a Falesi abwere adzaone mkazi amene anatseka pakamwa panga.

Musawakalipire alamu, koma pansi pa kalata yanu ya mu Juni analembapo ndi pensulo mawu amene inu simunawaone. Akuti chifuwa chija munabwera nacho ku mgodi chakula, ndipo kumunda mumapuma katatu musanamalize mzere. Inu munangolemba za mbatata. Ndiye wotema mphini mumitambo si ine ndekha. Bwerani mudzakhale kuno mwezi wathunthu, kuyambira kachikhadabo mpaka mdima. Mphepo yathu inachiritsapo munthu amene anali atamusokera kale nsalu, ndipo msuzi wa usipa umalowa mpaka m'mapapo. Sitima imaima pamadzi, ndiye potsika ndidzakuberekani kumsana mpaka pamchenga, monga munandiberekera inu tsiku lija mwala unandigwera pamwendo pansi pa nthaka. Ine ndidzachita mothamanga kuposa inu, ndipo sindidzadandaula za kulemera monga munachitira njira yonse.

Kobiri lanu sinditumiza pa positi. Mukalifuna mudzalimasule nokha m'khosi mwanga. Pa 15 Sepitembala ndi pa 14 Okutobala mutuluke panja muuyang'ane mwezi wathunthu, nanenso ndidzakhala ndikuuyang'ana. Mukauona kawiri choncho, wachitatuwo tidzauonere pamodzi.

Moni kwa alamu, kwa ana onse mmodzimmodzi, ndi kwa amayi anu amene ankatitumizira mtedza ku Joni. Selina akuti yewu, ndiko kupereka moni kwathu kuno, ndipo akuti akufuna kumva kwa inu ngati ng'ona ija inapepesadi. Mudzanditchinjirize.

M'kalata muno mwina muli mphini ziwiri zitatu zanga, muzipeza nokha. Koma iyi mukhoza kundifunsa kawiri, yankho likhala lomweli: ndakusowani, achimwene, ndipo popanda inu sindikalowa m'tchalitchimo ndi mtima wonse.

Ndine mng'ono wanu wa ku mgodi,
woyeza mwezi wamkulu wa chigawo chonse cha Kumpoto,

Lameck Kamanga.