Ndinavomera Ndakatulo Yosalemba Ine

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira Ambuye akukusungani bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Bolero tili bwino, kungoti mwana wanga Chisomo akutsokomolabe chifukwa cha fumbi.

Achimwene, ndapalamula. Ndakatulo yanu ija ya maliro a bambo, yonena za moto umene unayaka pabwalo masiku atatu ndi madzi amene anthu anasamba m'manja pochokera kumanda, ndinaiwerenga Lachinayi pamsonkhano wa amayi kutchalitchi. Nditamaliza, mayi busa anafunsa kuti, "Mwalemba nokha, aphunzitsi?" Ine ndinangogwedeza mutu kuvomera. Pakamwa sindinatsegule ayi, komabe bodza ndi bodza.

Potuluka, a NyaGondwe, amene anaika amuna awo mwezi watha, anandigwira dzanja akulira. Anandithokoza m'chinenero cha kuno nati, "Yewo chomene, mwana wanga. Zikuoneka kuti bambo ako unawaperekeza bwino mpaka kumanda." Achimwene, inu mukudziwa kuti ndinazengereza chifukwa cha mayeso a ana, ndipo ndinafika ku Ntcheu phulusa litazizira kale. Madzi amenewo sanakhudze manja anga.

Tsopano mayiwo akufuna ndiwalembere ina ya amuna awo. Musandilembere, chonde, ngakhale nditakunyengererani pafoni. Lachinayi likubwerali ndikaimirira pamaso pa amayi onse, ndikatchule dzina lanu, ndikanenenso kuti pamaliro a bambo ine panalibe. Mundikhululukire, ndipo mundipempherere kuti ndisakabwerere pakhomo pa tchalitchi chifukwa cha manyazi.

Mulungu akudalitseni nonse.

Ine mlongo wanu,
Esinati