Mkazi wanga akukana kudutsa m'paki imene ndinakonza

Aphungu,

Ndine wapampando wa komiti yokongoletsa mzinda wathu, koma banja langa likugwedezeka. Anatipatsa ntchito yokonza paki ya pakati pa depoti ya basi ndi nyumba zathu kuti amayi aziyenda mopanda mantha usiku. M'komitimo tilimo amuna okhaokha, opita kusukulu ndithu. Malowo tinawayendera dzuwa lili paliwombo, ndipo tonse tinagwirizana kuti mulibe mdima.

Tinathamangitsa amayi ogulitsa zipatso ndi tinyali tawo chifukwa ankanyansitsa pamalo. Tinabzala mpanda wa maluwa wotalika kuposa munthu. Getsi tinagula limodzi, lamphamvu kwabasi, n'kuliloza pachikwangwani cha mayina athu.

Mayi akunyumba amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala ndipo amaweruka kutada. Mukhulupirire aphungu, m'paki mwangamo sapondamo. Amazungulira njira yaitali ya kumabala. Nditawafunsa anati, "Bambo a mwana, kumabala kuli maso a anthu. M'paki mwanumo ndikakuwa andimva ndani, maluwa?"

Ine si mwana, ndikuona kuti kuli kamwamuna. Ndayamba kuwatsatira chapatali nditavala chipewa, koma sindinagwire kanthu chifukwa masiku ano akumathamanga. Dzulo anena kuti akufuna azikagona kwa achemwali awo, pafupi ndi kuntchito. Mtima ukundipweteka. Kodi ndiwaletse ntchitoyo?

B.W.K., mumzinda muno

Bambo B.W.K.,

Kamwamuna kalipodi. N'kovala chipewa, ndipo ndi kamene kakuthamangitsa akazi anu. Vulani chipewacho lero, muwauze kuti munali inu, mupepese osawonjezerapo "koma".

Zowaletsa ntchito musayerekeze dala. Vuto si sitolo, ndi paki yanuyo. Mdima sauyendera masana, bambo. Itanani komiti yonse kukada, magalimoto musiye kunyumba, mudutsemo mmodzimmodzi, chikwama m'manja, mwana kumsana. Amene atulukire mbali inayo osacheuka, ameneyo ndiye alankhule.

Mukatero dulani mpandawo ulekeze m'mawondo. Getsi litembenuzeni liunike njira, pakuti mayina anu palibe angawatchingire kutsogolo n'kuwalanda foni. Amayi a zipatso aja kawapepeseni abwerere. Tinyali tawo ndi pakamwa pawo ndiwo anali alonda anu, osalipidwanso. M'komiti mulowe amayi amene amayendadi pansi usiku, osati oti azidzakuthirirani tiyi. Akamalankhula, inu ophunziranu muzikhala chete. Simufa nazo.

Ndikuchenjezeni. Panopa akazi anu akuthawa njira, osati banja. Koma mukazengereza, akakagona kwa achemwali awo mtima uli m'malo, adzayamba kudzifunsa kuti mantha onsewa ankawapirira chifukwa cha ndani.

Aphungu