Kapepala Kopanda Dzina ka mu Std 8

LOLEMBA

Lois ndi Madam Sellina, hedi wa sukulu

07:12 Lois: mwadzuka bwanji madam. kapepala kaja tinatulutsa m'bokosi la madandaulo a ana lachisanu mubwere nako lero. tinagwirizana kuti tikakapereka ku boma tonse awiri

07:40 Lois: madam?

08:05 Sellina: ndili ku meeting ku town. tikambirana

08:06 Lois: a Prosper angolowa mkalasi mwawo mu std 8 ndi mulu wa makope a atsikana okhaokha. a anyamata awasiya mu staff room. nde kuti chani

08:31 Sellina: ndinawaonetsa kapepalako. munthu sungamuimbe mlandu asanaone chomwe amunenera

08:31 Lois: munawaonetsa kapena munawapatsa

08:33 Sellina: palibe dzina pamenepo Lois. mtima pansi

08:34 Lois: munthu amachonga makope awo tsiku ndi tsiku chiyambire september. dzina ndi lachani? kalembedwe ka mwana aliyense amakadziwa kuposa makolo ake

08:36 Lois: ndinaima kutsogolo kwa ana onse aja, ndinawauza kuti thupi lako ndi lako, mphunzitsi asakutume wekha kunyumba kwake, asakutsekere chitseko. ndinati wina akachita zimenezo lemba, usaike dzina, ponya m'bokosi. owerenga ndi awiri basi, ine ndi a hedi

08:38 Sellina: munalonjeza ndinu. ine sindinalonjeze mwana wa munthu

08:41 Lois: mwana walemba kuti a Prosper amamutuma kwawo pa break kukatsuka mbale akazi awo ali kuntchito, iwo nkubwera pambuyo kudzatseka chitseko. walemba kuti sakufunanso kupitako. inu mwatenga zimenezo kukawaikira eni ake m'manja

08:52 Sellina: ana kutumidwa kwa aphunzitsi sizinayambe lero. ine ndinakula ndikutungira madzi aphunzitsi anga, lero ndine hedi

08:52 Lois: ankakutsekerani chitseko?

09:30 Lois: madam

Lois ndi Mwanamvua, amake Bushra

13:48 Mwanamvua: [mawu 0:41] Aphunzitsi a Lois, ndine amake Bushra wa sitandade 8, ndimagulitsa tomato kuno ku Songani. Nambala yanu andipatsa amake Stacey. Mwana wandipeza pamsika anzake asanaweruke, maso ali psuu, chikwama wasiya kusukulu. Anzake akuti aphunzitsi a Prosper anamuimiritsa kutsogolo nkumuwerengetsa kalata mokweza, kalasi yonse ikumva, anyamata akuseka. Akuti atathera, anamuuza kuti abwerezenso. Kalata yanji imeneyi? Akuti inu ndi amene mukudziwa.

13:50 Lois: amake Bushra pepani. ndinali ku std 5, ndamva zitachitika kale. ndikubwera pamsikapo ndikaweruka

13:51 Lois: chonde musamukalipire. mwanayo sanalakwe chilichonse. wachita zomwe ndinawaphunzitsa

13:58 Mwanamvua: [mawu 0:17] Ndiye mukuvomera kuti ndinu. Pamsika pano musabwere. Anthu akuloza kale benchi langa, mukabwera inu ndiye ndiweruke ndi tomato yense.

14:00 Lois: ndibwere kunyumba?

16:20 Lois: ali bwanji pano? wadya?

LACHIWIRI

Lois ndi Madam Sellina

10:15 Lois: ndachokera ku boma ndekha. ndanena zonse. akubwera lachinayi 9 koloko kudzacheza ndi mwana payekha. akufunanso kapepalako

10:44 Sellina: mwachoka pa sch nthawi ya ntchito opanda chilolezo. std 5 yakhala yokha ma period atatu

10:45 Lois: lembani m'buku ndisainira. kapepala kali kuti

10:47 Sellina: afunseni a Prosper

10:58 Lois: akuti anakataya ndi zinyalala za mkalasi. akundiuza akumwa tea, akumwetulira

11:02 Sellina: inu simunakajambule?

11:02 Lois: ayi. ndinasiyira inu poti ndinu a hedi

11:05 Sellina: nde mwapita ku boma ndi pakamwa pokha

11:06 Sellina: tamverani Lois. mayeso atsala ma week atatu. chaka chatha a Prosper anatumiza ana 11 ku ma boarding. zone yonse ino palibe anafikapo. achoke lero, std 8 aigwira ndani? inu ndi nyimbo zanu za thupi langa ndi langa?

11:08 Lois: Bushra amakhala nambala 2 mkalasi imeneyo. lero sanabwere

11:09 Sellina: geti ndi lotsegula. palibe wamuthamangitsa

Lois ndi Mwanamvua

12:30 Lois: amake Bushra, lachinayi kubwera amayi ena ochokera ku boma oona za ana. acheza ndi Bushra payekha, inu muli pafupi. a Prosper sakhalapo. palibe amukakamize kunena chomwe sakufuna

15:11 Mwanamvua: [mawu 1:06] Akazi a Prosper anabwera pano masana, atavala za kuntchito, nsapato zogogoda. Sanagule kanthu. Anangoima pabenchi panga nkuyamba kuuza msika wonse kuti mwana wanga ndi wozerezeka, amadzitengera yekha kunyumba za amuna a eni ake, lero akufuna kuphetsa banja. Mwana wa zaka 13, aphunzitsi. Amayi ena a nsomba anayamba kujambula pafoni. Ine ndinangokhala ndikupanga milu ya tomato, ndikuphwasula, ndikupanganso. Inu mumagona ku Masongola, mukaweruka mumakwera minibasi mwapita. Ife tikhala nawo konkuno mpaka kufa, chigayo chimodzi, mjigo umodzi.

15:14 Lois: zimene achitazo ndikanenanso. alibe ufulu

15:20 Mwanamvua: [mawu 0:38] Kunena, kunena. Inu ntchito yanu ndi kunena. Zoti amakatsuka mbale ine ndimadziwa, ndimati ndi ulemu, mwana akutumikira aphunzitsi ake, mwina amuthandiza pa masamu. Tsiku lina anakana, ine ndinamukalipira kuti ulesi. Dzulo ndamufunsa, Bushra, zimene unalembazo ndi zoona? Wangoyang'ana pansi. Mwana wanga ndimamudziwa, akamanama amayankhula kwambiri. Uyu ali chete.

15:22 Lois: mwamukhulupirira. zimenezo ndi zomwe akufuna kumva kwa inu. muuzeni

15:22 Lois: muuzeni lero lomwe chonde

17:05 Mwanamvua: video yafika ku joni. abambo ake ayiona

LACHITATU

Lois ndi Madam Sellina

09:20 Sellina: komiti ya sch yakumana mmawa uno ndi amake mwana. zatha bwino. Bushra apepesa pa assembly lachisanu, abwerera mkalasi, alemba mayeso ngati anzake. a Prosper avomera kukhululuka

09:21 Lois: komiti yakumana opandapo ine? club ya chitetezo cha ana ndimayendetsa ndine

09:23 Sellina: munali mkalasi. dzulo munajomba, sitikanakuchotsaninso

09:23 Sellina: mverani nokha

09:24 Sellina: [mawu otumizidwa kuchokera kwa Mwanamvua 0:22] Nena. Yandikira pafoni, nena bwinobwino amve. … Ndine Bushra. Zimene ndinalemba ndinanama. … Unanama chifukwa chani? Malizitsa. … Chifukwa madam Lois anati tilembe. … Pepesa. … Pepani aphunzitsi.

09:31 Lois: mwamva mmene akupumira mwanayo?

09:33 Sellina: ndamva mwana akuvomera kulakwa. ndatumizanso ku group ya staff kuti nkhani ithe

09:33 Lois: a Prosper ali mu group imeneyo

09:35 Sellina: ndi mphunzitsi wa pa sch pano

09:36 Sellina: muimbire anthu anu aja muwauze asawotche mafuta pachabe

09:36 Lois: sindiimba. abwera

Lois ndi Mwanamvua

11:02 Lois: ndamva mawu aja. sindikukuimbani mlandu, ndikudziwa anakupanikizani. koma mawa musamuletse kuyankhula

11:03 Lois: za assembly musavomere. mwana sangaime pamaso pa sch yonse kupepesa munthu ameneuja. mayeso akhoza kulemba osalowanso mkalasi mwake, dzina lake linapita kale kwa a mayeso. revision ndimuphunzitsa ine kwanu, inu muli pompo

14:40 Mwanamvua: [mawu 0:52] Anandikhazika pa benchi ya ana, azibambo asanu ndi a hedi. Tcheyamani akuti mayi, mwana wanu akufuna sukulu kapena akufuna milandu? Akuti akapita kupolisi akamuvula, akamuyeza, dzina lake likamveka Zomba yense, adzamukwatira ndani? Ine ndinayankha chani? Sukulu ndinalekera sitandade 4, iwo akuyankhula chizungu okhaokha nkumandimasulira zomwe afuna. Ndinabwerera kunyumba ndi foni m'manja, ndamuuza nena. Wanena. Kenako wakalowa kubafa, wakhalako mpaka ndamugogodera.

14:43 Lois: zoti dzina likamveka ndi bodza, amakuopsezani. nkhani za ana sazilengeza. kuchipatala amamuona namwino wamkazi inu mulipo, ndipo ndi chifukwa cha thanzi lake

14:44 Lois: musamusiye yekha nthawi yaitali. ndikubwera madzulo ano, mundithamangitse pakhomo ngati mukufuna

14:51 Mwanamvua: a Umar, achimwene a abambo ake a Bushra, ali pano. musabwere

LACHINAYI

Lois ndi Mwanamvua

08:50 Lois: tanyamuka pa sch. tili pa galimoto ndi amayi aja awiri

09:17 Lois: tili pakhomo panu. pali loko

09:18 Lois: a neba akuti simunapitenso kumsika

09:25 Lois: amake Bushra yankhani foni

09:41 Lois: muli kuti

12:06 Mwanamvua: [mawu 0:47] Ndikuchokera kodikirira basi. A Umar amutenga mmawa, apita naye kumudzi kwa agogo ake. Abambo ake anaimba kuchokera ku Joni, akuti sangamagwire ntchito kwa eni ake mwana wawo akuonetsedwa m'mafoni ngati mbuzi ya pamsika. Akuti sukulu yakwana, kuwerenga akudziwa, kulemba ndiye taona tonse kuti akudziwa. Ndinamulongedzera zovala m'jumbo. Mabuku anafuna kutenga, a Umar anati alemetsa katundu. Sanalire. Pokwera sanandiyang'ane.

12:08 Lois: mudzi wake uti? amayi aja akuti apita komweko, galimoto ilipo

12:08 Lois: Machinga? Mangochi? ndiuzeni dzina la mudzi basi

12:30 Lois: palibe akumangeni inu. tikufuna mwana aonedwe ndi a chipatala, alembe mayeso

13:55 Mwanamvua: andiletsa

Lois ndi Madam Sellina

14:10 Sellina: alendo anu apita? andifunsa mafunso ngati wakuba ine. ndawaikira voice ija amva okha

14:11 Lois: akuti abweranso. akufuna mayina a atsikana onse amene anatumidwapo kunyumba ija

14:13 Sellina: afunse anawo. muone ngati pali atsegule pakamwa pano

14:20 Sellina: ndisanaiwale, lolemba kukubwera a bungwe lija linatipatsa bokosi, kudzaona mmene club ikuyendera. akufuna ka drama ndi ndakatulo. ndakatulo paja amalakatula Bushra eti? pezani wina wa mawu omveka

14:21 Sellina: bokosilo mulipukute, lachita fumbi

14:48 Lois: lolemba ndidzawauza zonse, pamaso panu

14:50 Sellina: mudzanene. ine ndidzawaikira voice ija

PATAPITA MASABATA ATATU

Lois ndi Mwanamvua

Lolemba 16:02 Lois: amake Bushra, mayeso ayamba lachitatu. nambala yake yabwera, desk yake ilipo. a Prosper sadzakhala m'chipinda cholembera, oyang'anira ndi ochokera sch zina

Lolemba 16:04 Lois: ndikhoza kunyamuka mawa mmawa kukamutenga. agona kwa ine masiku atatuwo, kapena mubwere mugone naye. akamaliza ndimubwezera komweko ngati abambo ake afuna

Lachiwiri 06:30 Lois: ndili pa depot. ndiuzeni ndikwere ya kuti

Lachiwiri 08:15 Lois: ndidakali pano

Lachiwiri 11:40 Lois: ngakhale nambala ya agogo ake

Lachitatu 07:35 Lois: anzake akulowa. Bushra akafika isanakwane 8:30 amulola

Lachitatu 08:31 Lois: atseka chitseko

Lachitatu 15:26 Mwanamvua: [mawu 0:19] Aphunzitsi, musadzivutitsenso. Yunifolomu yake ndafupikitsa, ndapatsa mng'ono wake, ikumukwana bwino. Ali pasukulu panu pomwepo, chaka chamawa alowa sitandade 5, kalasi yanu. Ameneyo mudzangomuphunzitsa masamu ndi chizungu. Zinazo ayi.

Lachitatu 15:27 Lois akulemba…

Lachitatu 15:34 Lois akulemba…