Chifuwa cha Mkamwini Wanu

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo bondo lija linakusiyani. Kuno adzukulu anu ali bwino. Ine thupi ndiye lilibe vuto, koma mtima ayi.

Mwezi watha mkamwini wanu anadwala pakhosi. Ndinagula mankhwala, ndinawiritsa mandimu, osasintha. Ndiye pali mayi wina wosoka zovala amene chitseko chake chinayang'anizana ndi chathu. Ine ndimamutchula Nsidze, chifukwa zake anameta n'kujambulapo zina. Ameneyo anabwera ndi kabotolo ka madzi achikasu, akuti anaviikamo utomoni wa njuchi, uja zimamatira ming'alu ya mng'oma. Mkamwini wanu anangomwako pang'ono, ndipo kuyambira tsikulo nyimbo ndi yoti mayiyo ali ndi manja abwino.

Amayi, nsanje yandigwira, sindibisa. Ine wobadwira pakati pa ming'oma, kupambanidwa ndi munthu woti njuchi amangoiona pachithunzi cha botolo la uchi! Paja pamene munkaphunzitsa mng'ono wanga ntchito imeneyi ine ndinkathawa mbola. Lero ndi izi.

Ndinayesa ndekha. Ndinagula kachibuma ka utomoni kumsika n'kukaponya kathunthu m'madzi obwadamuka. Kanasungunuka n'kukakamira poto ngati phula la pamsewu, moti ndakwecha mpaka zala kutupa. Mkamwini wanu ananunkhiza potoyo n'kunena kuti ndisadzivutitse, kwa aneba madziwo alipo ambiri. Anatenga kapu yathu yomwe n'kutuluka, ine ndikuyang'ana.

Chikundiwawa n'chakuti pakhosipo panapola kalekale. M'nyumba muno amaimba, amakalipira ana, amakukuta ndi mafupa omwe. Koma makina osokera akangoyamba kulira uko, chifuwa chayambanso.

Pempho langa ndi ili: mundipalire utomoni m'ming'oma yanu, mupatsire alamu anga akamabwera kuno. Mundiuzenso kakonzedwe kake. Kodi munkayamba mwausinja? Ndikukumbukira botolo litaimikidwa m'poto wa madzi otentha, ndi kansalu koyera kosefera, koma kuti linkakhala pamoto mpaka liti, sindikudziwa. Mng'ono wangayo musamuuze, andiseka mpaka Khrisimasi.

Ndikufuna tsiku limene adzatsokomolenso, botolo lidzakhale lili patebulo pathu. Akadzalidutsa n'kutulukabe ndi kapu, ndidzadziwa kuti matendawo si a pakhosi, ndipo inu mudzayambe kusesa m'chipinda changa chija.

Mupereke moni kwa bambo, azakhali ndi ana a achimwene onse.

Ndine mwana wanu woyamba,
Wothawa njuchi uja.