Kaswichi ka pansi pa chishalo

Loweruka, 14 Okotobala 2006, Kawale

Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Ino ndi sabata yachitatu ndikulimbana ndi njinga yamoto ya bambo. Amayi ananeneratu kuti ikapanda kulira mwezi uno, aitana ogula zitsulo. Ndinasintha pulagi, kenako mapointi, dzulo koilo. Moto pa pulagi sunaoneke ngakhale kamodzi.

Lero ndinaikankha mpaka ku Biwi kwa Che Amidu, makaniko amene ankaikonza kale. Sanagwire n'sipanala yomwe. Anangopisa dzanja pansi pa chishalo, kukhethemula kenakake, kuponda kamodzi, njinga n'kulira.

"Kaswichi kozunguzira akuba aka, tinaika limodzi ndi bambo anu," anatero akuseka. "Achimwene, sukulu yonse ija, osawafunsa eni ake?"

Ndinaseka nawo mwamanyazi.

Chiwagwireni sitiroko, bambo satha kutulutsa mawu. Masabata onsewa amakhala pakhonde kundiyang'ana, akuloza chishalo ndi dzanja lamanzere, lomwe likugwirabe ntchito. Ine ndimayesa akufuna kukwera. Ndimawayankha ngati ndikutonthoza mwana: "Mukwera, bambo, mukachira." Lachitatu mpaka ndinawatembenuzira mpando kumsewu kuti asandisokoneze.

Kuchokera kwa Che Amidu lero, ndinabwerera nditaikwera. Amayi analulutira. Bambo sanaiyang'ane njingayo, anayang'ana ine, dzanja lili phee pabondo.

M'nyumba muno amalozanso zinthu zina: kabati, chitseko, nthawi zina amayi. Tonse timangoti "eya, bambo" n'kudutsa. Mawa ndikhala nawo pansi, koma sindikudziwa kuti kupepesako ndiyambira pati.