Mfuti ya ku Yofu m'mphasa

Okondedwa achimwene,

Moni m'dzina la Ambuye. Kuno tili bwino, mwendo wa amayi wayamba kuphwa. Kaya inu ndi alamu ku Joniko?

Ndayamba kusonkhanitsa mfuti zakale za asilikali a pachilumba pano zisanathe ndi dzimbiri, kuyambira ya agogo ija. Lachiwiri ndinapita ku Yofu kwa amake Esinati, amasiye aja, omwe mfuti ya apongozi awo amapiringidzira khola la mbuzi.

"Tengani bambo," anatero, "koma mundibweretsere mtengo wolimba. Mbuzi zanga sizidziwa za nkhondo."

Poopa maso a anthu ndinaikulunga m'mphasa n'kuinyamula m'manja. Apa ndiye ndinalakwa. Panjira ya ku Chipyela amayi anatula mitolo n'kukhala pansi, abambo anavula zipewa, poyesa kuti ndanyamula mwana womwalira. Agogo ena anandifunsa motsitsa mawu, "Wa kwa yani?" Ine, achimwene, ndinangoweramitsa mutu n'kudutsa. Anthu anamvera chisoni chitsulo chifukwa cha mantha anga.

Ndaulula kwa ansembe, ndipo kubisa ndaleka. Lolemba ndikupita kupolisi kukanena za mfuti ziwirizi ndi kupempha chilolezo chozisunga. Akakandilanda, ya agogo ipita nawo, pamene ndi yanunso. N'chifukwa chake ndalemba musanamve kwa ena. Koma kupita ndipita ndithu, ntchitoyi sindiigwiranso mobisa.

Mundikhululukire ndipo mundipempherere. Mulungu akusungeni.

Mng'ono wanu,
Barnaba